Valavu Itakana Kutseka

Amake mapasa ankasoka. Makina awo anali pakona ya chipinda chochezera, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu, ndipo wodutsa aliyense ankawaona ataweramira nsalu, magalasi ali pamphuno, mapini ali kukamwa. Ankasoka mayunifomu a ana asukulu ndi makatani, komanso kukulitsa kapena kubweza mathalauza a anthu amene thupi lawasinthira. Mapasa enieniwo anakula kalekale n'kukakwatiwa kutali, koma dzina linatsala, moti ngakhale anthu amene sanawaonepo anawo ankawaitana choncho.

Amuna awo anayendetsa malole kwa zaka zambiri. Anali munthu wa manja ake, wosakonda kuitana mmisiri. Chitseko chikamalira, mpopi ukamadontha, ankasolola bokosi la zitsulo pansi pa bedi n'kukonza okha uku akuimba mluzu. Mayiwo sankalowerera. Ankati aliyense ndi zake, iwo singano, bambo sipanala. Kenako m'mawa wina bambowo anagwa akumanga zingwe za nsapato, ndipo kuchipatala anabwerako mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka oduka ngati ali ndi nsalu m'kamwa. Mayiwo anaphunzira kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, ndi kuwerenga m'maso mwawo zimene lilime linkalephera. Anadulitsa miyendo ya bedi kuti ngati angagwe asagwe patali.

Chipinda chogonacho bambowo anachimanga okha, mochita kuwonjezera ku nyumba yakale, ndipo chinali chotsika kuposa zipinda zinzake. Polowamo munthu ankatsika sitepe. Khomo lake linkayang'anizana ndi la kubafa.

Nyumbayo inali kumapeto kwa msewu wotsetsereka, kumunsi kwenikweni. Kwa zaka zambiri madzi a m'mpopi ankavuta, ankangotuluka ngati misozi, mwina osabwera n'komwe. Ndiye a kampani ya madzi atamanga thanki yaikulu pamwamba pa chitunda n'kusintha mapaipi a mumsewu, anthu onse anasangalala. Kwa amake mapasa madzi anayamba kubwera ndi ukali. Ukangotsegula pang'ono, kapu inkakuthawa m'manja. Ndowa inkadzadza usanamalize kuyankha moni. Poyamba ankanyadira, n'kumauza makasitomala kuti tsopano akuchapa ngati anthu.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Akatseka mpopi mofulumira, m'khoma munkamveka kugunda ngati wina wamenya ndi hamala, ndipo mapaipi ankanjenjemera mpaka kudenga. Mpopi wa kukhitchini unayamba kudontha ngakhale aumange ndi mphamvu zonse. Thanki ya kuchimbudzi inkalira kamluzu kosatha. Mayiwo anali munthu wosachedwa kudzidzimuka, ndipo kugunda kulikonse kunkawabayitsa chala ndi singano. Koma amene ankavutika kwambiri ndi phokosolo anali bambo. Khoma likagunda, ankamenya matiresi ndi dzanja lamanzere, n'kuloza kukhomo, n'kunena kuti, "Vala... vala..."

Mayiwo ankaganiza kuti akumva kuzizira. Ankabweretsa juzi, bambowo n'kuiponya pansi. Ankabweretsa malaya ena, nawonso n'kuponyedwa. Pamapeto pake onse awiri ankatopa, wina kuyang'ana kukhoma, wina kubwerera ku makina mtima uli m'mwamba, akuopa kuti mwina mutu wa amuna awo wayamba kusokonezeka.

Mng'ono wa bambowo, amene ankagulitsa matayala akale kumsika, ankabwera kawirikawiri kudzameta achimwene ake ndevu. Anali munthu wa nthabwala, ndipo ndi alamu ake ankaseleulana momasuka. Atamva kugundako anaseka, nati nyumbayo yatengera matenda a mwini wake, nayonso ikuthamanga magazi, ndipo aigawireko mapilisi. Mayiwo anamuyankha kuti mlamu wa pakamwa pokha ndi wotchipa, wa manja ndiye amasowa. Iye analonjeza kuti adzaona mapaipiwo akadzabweranso. Anabweranso, anameta ndevu, anamwa tiyi, n'kupita.

Tsiku la ngoziyo linayamba ngati masiku onse. Dzuwa linali litakwera, bambo atadya kale n'kugona chagada. Mayiwo ankasita mayunifomu amene anamaliza dzulo lake. Soketi ya pabalaza inali itapsa kalekale, choncho ankakoka magetsi ndi chingwe chachitali kuchokera kuchipinda chogona, ndipo kabokosi kake kolumikizira simbi kankakhala pansi m'kanjira ka pakati pa zipinda. Anaimika simbi n'kutuluka kukayanika zochapa kuseri.

Ali ndi chinsalu cha pabedi m'manja, anamva kuphulika ngati tayala la galimoto. Anayang'ana kumsewu. Kenako anazindikira kuti mkokomo umene unatsatira ukuchokera m'nyumba mwawo.

Atafika pakhomo la kukhitchini anaona madzi akuyenderera m'kanjira kaja. Paipi ya kuseri kwa sinki ya kubafa inali itasololoka pamfundo, ndipo madzi ankamenya kudenga n'kugwa ngati mvula, ena akuwombera khomo lotsegula la kuchipinda. Kuchipindako anamva mawu amene sanawamvepo chidwalire amuna awo, kubuula kwa munthu amene pakamwa pake pali pansi.

Phazi lawo linali kale m'mwamba kuti athamange, pamene anaona kanyali kofiira ka pa kabokosi ka magetsi kakuyaka, madzi atakazungulira. Anali osavala nsapato. Anabwerera chambuyo n'kugunda tebulo. Swichi yaikulu ya magetsi inali pamwamba pa chitseko cha kukhitchini komweko. Anakoka mpando, anakwera, ndipo chala chinaterereka asanaigwetse. Itagwa, kanyali kaja kanazima. Ngakhale zinali choncho, poponda madziwo anatseka maso, akudikira kuti agwidwa.

Bambo anali pansi. Anayesa kudzuka okha atamva kuphulika, n'kugwera mbali yakufa ija, tsaya lili pasimenti. Poti chipindacho chinali chotsika ndipo chinalibe potulukira, madzi onse ankathera momwemo, ndipo anali atafika kale pamlomo pawo. Ankayesa kutukula mutu koma khosi linkalephera, unkangokwera pang'ono n'kugweranso m'madzi. Mayiwo anagwada, anawagwira chibwano n'kuwatsamiritsa pantchafu pawo. Bambowo anatsokomola, madzi akutuluka m'mphuno. Maso anali aakulu, oyera, osaphethira.

Masiku onse kuwakweza pabedi sikunkavuta kwenikweni, chifukwa ankathandiza ndi mwendo wamoyo. Tsikulo thupi linali lonyowa, loterera, lolemera ngati thumba la simenti. Anayesa kuwanyamula m'khwapa, onse awiri anagwa. Anayesanso, msana unawabaya mpaka mpweya kubanika. Anangokwanitsa kuwakhazika tsonga, msana utatsamira bedi, n'kuwapanikiza ndi mapilo mbali zonse kuti asapendeke. Anadziwa kuti akangopendekera mbali yakufayo iwo ali kunja, sadzadzukanso okha.

Anathamangira kubafa ndi chopukutira kuti akatseke kukamwa kwa paipiyo. Madzi anawamenya pankhope, magalasi anauluka, chopukutira chinawathawa m'manja. Anabwerera kuchipinda akupapasa khoma. Madzi anali atapitirira akakolo. Bambo anawagwira siketi ndi dzanja lamanzere, n'kukoka mwamphamvu mpaka anawerama.

"Vala..." anatero, n'kumeza mate, n'kulimbana ndi lilime. "Vala... vu."

Apo m'pamene anamva. Miyezi yonse ija munthuyu sankapempha juzi. Ankanena za valavu, chotsekera madzi chachikulu cha panja, chimene iwo anangomvapo m'makutu osachigwirapo.

Mita ya madzi inali pafupi ndi mpanda, pansi pa maluwa amene anabzala okha. Anazula maluwawo ndi manja. Mita inaoneka, kasingano kake kakuzungulira ngati kapenga, koma valavu panalibe. Dothi la mvula ya zaka zambiri linali litaikwirira. Anakumba ndi zala, kenako ndi chibenthu cha njerwa, mpaka anakhudza kagudumu kachitsulo kodyeka ndi dzimbiri. Anapotoza. Sikanagwedezeke n'komwe. Anapotoza mbali inayo, posadziwa kotsekera, koma kanali gwa.

Anabwerera m'nyumba, anaona kuti bambo akadali tsonga, anasolola bokosi la zitsulo limene linali litamira, n'kutenga bobojani, sipanala yaikulu yopanira zitsulo. Panja anaimangitsa pa kagudumuko monga ankaonera amuna awo, n'kuitsamira ndi thupi lonse. Kanalira, kanasuntha pang'ono, kenako china chake chinathyoka m'kati ndipo anagwa chafufumimba pamaluwa. Atadzuka, kagudumu kankazungulira mopepuka ndi chala chimodzi. Anakazunguza, n'kuzunguza, n'kuzunguzabe. Kasingano ka mita sikanachepetse liwiro.

Anazindikira kuti chinthu chokhacho chimene chikanaimitsa madziwo achipha ndi manja awo, ndipo kumbuyo kwake kuli thanki yonse ya pachitunda. Anakuwa. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana.

Amene anamva anali mayi oyandikana nawo, amene ankaweta nkhuku kuseri kwa mpanda. Anali mayi wamtali, wa mikono yolimba, wosalankhula zambiri. Anadutsa pa kampata ka mpanda foni ili kale kukhutu. Kukampani ya madzi foni inaitana nthawi yaitali, ndipo atayankha anati galimoto ili kwina koma ibwera. Anaimbira pulambala wina amene anawakonzerapo zomwera nkhuku. Iye anati ali kutsidya lina la tauni, akunyamuka pompo.

Azimayi awiriwo analowa m'nyumba. Madzi m'chipinda muja anali atafika m'chiuno mwa munthu wokhala pansi, nsapato ndi botolo la mankhwala zikuyandama. Bambo milomo inali itachita bii, chibwano chikunjenjemera, ndipo anali atayamba kupendeka. Anayala bulangete m'madzi momwemo, anawagoneka pamenepo, wina kumutu wina kumiyendo, n'kuwakoka. Pa sitepe paja panavuta. Mutu unabwerera chambuyo, ndipo amake mapasa anaona nkhope ya amuna awo ikulowa m'madzi kachiwiri. Mayi a nkhuku anawagwira kolala n'kuwadzutsa ngati akunyamula thumba la chakudya cha nkhuku zawo. Anawafikitsa pabalaza, pasofa, n'kuwavula zonyowa, kuwafunditsa makatani a kasitomala amene anali pafupi.

Mpweya utabwerera, bambowo anayambanso kumenya ndi dzanja.

"Tsegu... tsegula."

"Bambo, tikufuna kutseka," anatero mayiwo akulira. "Ndathyola valavu. Sikutsekeka."

"Tsegula."

Mayi a nkhuku anatsegula chitseko cha kumsewu, poganiza kuti akufuna madzi azitulukira kumeneko. Bambo anapukusa mutu. Amake mapasa anapukuta maso n'kutsatira chala chawo bwinobwino, monga akanachitira kale pa nkhani ya juzi ija. Chinkaloza pazenera, pa mpopi wa panja wothiririra maluwa, umene unali pafupi ndi mita. Zinkaoneka zopanda nzeru kuwonjezera madzi pamene madzi akuwononga nyumba, ndipo mtima unkawakaniza. Komabe anatuluka n'kuutsegula mpaka kumapeto. Madzi anathovoka n'kuyenderera kumsewu. Anatsegulanso wa kukhitchini ndi wa pochapira kuseri. Atabwerera, mkokomo wa kubafa unali utatsika. Madzi sankafikanso kudenga, ankangokhuthuka ngati a mumtsuko. Mphamvu yake inali itagawanika. Mayi a nkhuku anatha kukulunga paipiyo ndi chubu chakale cha njinga n'kuilozetsa m'ngalande ya kubafa, ndipo anaigwirira choncho, atanyowa thupi lonse, mpaka pulambala anafika.

Anali bambo wachikulire, wa njinga yamoto, wolankhula motsitsa. Anayang'ana kagudumu kaja n'kukazunguza kamodzi. Anakumba kutsogolo kwa mita mpaka anapeza paipi yakuda yapulasitiki yolowa m'nyumba, anaidula, madzi akumuwaza kumaso, n'kuipinda pawiri ngati bondo, kuimanga ndi waya. M'nyumba monse munangoti zii. Amake mapasa anakhala pansi pa dothi lonyowa.

Pulambalayo anawauza kuti asadziimbe mlandu. Anati valavu za kagudumu zikakhala zaka osagwidwa zimaola m'kati, ndipo zimakutaya pa tsiku lenileni limene ukuzifuna. Anati ngakhale iye ikanamuthyokera. Za kugunda kwa m'khoma anati inali nyumba ikuchenjeza, chifukwa nyumba za kumunsi kwa chitunda zimalandira kulemera konse kwa madzi a pamwamba, ndipo mfundo za mapaipi akale sizinapangidwire zimenezo. A kampani atabwera n'kutseka mumsewu, iye anaika valavu yatsopano ya chogwirira chachitali, osati pansi pa dothi koma pakhoma pafupi ndi khomo la kukhitchini, pofika m'chiuno. Pambuyo pake anamangirira kachitsulo kooneka ngati belu kochepetsa mphamvu ya madzi asanalowe m'nyumba, ndi kawotchi kosonyeza mphamvuyo. Anawaonetsa pamene kasingano kake kayenera kuima. Kenako anawauza kuti atseke okha, ndi dzanja lamanzere, litanyowa ndi sopo. Chogwiriracho chinapingasa mosavuta, madzi n'kuduka. Anawalangiza kuti azichigwedeza kawirikawiri kuti chisagone tulo ngati chinzake chija.

Madzi anatha, koma mantha anali asanathe nawo ntchito. Bambo anayamba kutsokomola, thupi linatentha, ndipo kupuma kunayamba kumveka ngati macheka. Kuchipatala anati ndi chibayo, mwina chifukwa cha madzi amene analowa m'mapapo. Amake mapasa anakhala pa benchi ya m'mbali mwa bedi akuyang'anira chifuwa cha amuna awo chikukwera n'kutsika. Chikachedwa kukwera, nawonso ankaleka kupuma. Mlamu wawo ankabwera ndi chakudya n'kuima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja, wopanda nthabwala ngakhale imodzi. Tsiku lina ali m'khonde anayamba kunena za lonjezo lake lija, koma mayiwo anamudula, nati nawonso anali ndi makutu ndipo sanamve.

Bambo anachira, anabwerera kunyumba ataonda, mawu atacheperachepera. Bedi analisamutsira pabalaza, pafupi ndi makina, ndipo chipinda chotsika chija chinasanduka mosungira nsalu, pamashelefu okwera. Mlamu anakonzetsa soketi yopsa ija osauzidwa.

Anthu a mumsewu amati kuyambira pamenepo amake mapasa anasintha. Akamapita kumsika ankatseka valavu. Akafika pakona ankabwerera kukaona ngati anatsekadi. Akamva wina akuthira madzi m'ndowa kuseri kwa mpanda, phazi linkachoka pa makina. Kasitomala akabwera kudzayesa diresi, asanachoke ankafunsidwa ngati akudziwa pamene pali chotsekera madzi cha kwawo, ndiponso ngati chimazungulira. Ambiri ankaseka. Ena ankabwera pambuyo pake n'kunena motsitsa mawu kuti anakayesa, ndipo chinakana.

Patapita miyezi, mmodzi wa mapasa aja anabereka mwana wake woyamba, ndipo anaitanitsa mayi ake. Ulendo wake unali wa basi, wogona masiku. Chidwalire amuna awo anali asanagonepo kutali nawo, ndipo anayamba kupeza zifukwa: mayunifomu, msana, nyengo. Mlamu anati adzagona pasofa n'kusamalira achimwene ake, mayi a nkhuku anati azidzazonda m'mawa ndi masana. Anakanabe. Amene anathetsa nkhaniyo anali bambo. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuloza sutikesi imene inali pamwamba pa kabati.

"Pita," anatero. Linatuluka lathunthu, lomveka.

Asananyamuke anamuimika mlamuyo pa khomo la kukhitchini n'kumuchititsa kutseka ndi kutsegula mpaka anadandaula kuti ngakhale pofunsira mkazi sanayesedwe chonchi. M'basi anakhala pafupi ndi zenera, foni ili m'manja. Basi ikaima ankaimba. Mlamu ankayankha kuti pansi m'pouma, odwala adya, ndipo ngati aimbanso awauza kuti nyumba yauluka.

Anafika madzulo dzuwa lisanalowe. Mwana wawo anali pabedi, wotopa, akumwetulira, ndipo anawapatsa kakhandako kali m'nsalu yofewa. Kanali kamtsikana, ka tsitsi lambiri, kakugona pakamwa pali yasa. Anakhala nako pampando n'kukayang'ana zala chimodzichimodzi. Mkamwini wawo analowa ndi tiyi, n'kufunsa ngati ayenda bwino ndiponso ngati kumudzi kuli bwino. Anayankha kuti kuli bwino, bambo apereka moni. Mwana wawo anawapempha kuti akhaleko mpaka mchombo ugwe. Anasisita kaphazi ka mdzukuluyo ndi chala chachikulu, kenako anavomera.